Tayala la sipeya pa motorhome: kutsogolo, kumbuyo, pansi kapena padenga?

Ma motorhome (galimoto zokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati) ambiri atsopano, makamaka omangidwa pa veni ya Fiat Ducato, akumabwera opanda tayala la sipeya. Amangokupatsani kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu kamagetsi. Vuto ndi kulemera: laisensi wamba ya gulu B ku South Africa, ngakhalenso ku Britain kwa amene anaitenga kuyambira 1997, imalekezera pa makilogalamu 3,500, ndiye opanga galimotozi amachotsa chilichonse chimene angathe. Kabotoloko kamathandiza pa kabowo ka msomali basi. Tayala likang'ambika m'mbali, monga zimachitikira mukagwera m'chigwembe pa liwiro, kabotolo sikaphula kanthu. Amene mumayenda njira ya ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza mukudziwa kutalika kwa mtunda umene munthu angayende osaona malo ogulitsa tayala la saizi yake, ndipo ku Zimbabwe lamulo limafuna kuti mukhale ndi sipeya, jeke ndi sipanala. Sipeya ndi yofunika, chovuta ndi pomuika.

Musanapite kwa owotcherera, pitani kaye pa sikelo yoyezera galimoto, mutadzaza madzi, mafuta, gasi, katundu ndi anthu monga mumakhalira pa ulendo. Muyezetse ekiselo yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha. Kenako yang'anani kachitsulo kolembedwa manambala kamene kamakhala pansi pa boneti kapena pakhomo la dalaivala. Pa Ducato ya mtundu wopepuka, malire a kulemera amakhala makilogalamu 1,850 kutsogolo ndi 2,000 kumbuyo. Ine ndimaona kuti mkangano wonse wa malo oika sipeya umathera pa manambala awiriwa, koma anthu timakonda kukangana tisanayeze.

Tiyambe ndi kutsogolo, poti anthu ambiri amafunsa za kumeneko. Ganizoli si lachilendo. Eni ake a Volkswagen Kombi yakale ija ankamangirira sipeya pamphuno kuti m'kati mutsale malo ogona, ndipo sizinkavuta chifukwa injini yake inali kumbuyo, yozizira ndi mpweya, yopanda rediyeta. Ku America, makampani monga Curt ndi Draw-Tite amapanga chitsulo chomangira pa chasisi kutsogolo kwa Ford E-350 ndi E-450, chokhala ndi bowo la mainchi awiri lolowetsamo chonyamulira tayala. Ubwino wake ndi weniweni. Motorhome imalemera kumbuyo, kumene kuli bedi, thanki ya madzi, njinga ndi katundu yense, choncho kuika makilogalamu ena pamphuno kumathandiza kuti galimoto ikhale bwino. Tayala limakhala pofikirika, simugona pansi kuti mulichotse, ndipo mumaliona tsiku lililonse, kotero simuiwala kuliyeza mpweya.

Koma Mercedes Sprinter, Ducato, Iveco Daily ndi E-450 si Kombi, injini zake zili kutsogolo. Kuseri kwa zenera la mphepo lapamphuno kuli rediyeta, kuli chozizitsira mpweya wa turbo, kuli chozizitsira cha ekoni, ndipo pa za otomatiki pamakhalanso chozizitsira oyilo wa giyabokosi. Zonsezi zimadalira mphepo imodzi. Tayala la saizi ya 225/75 R16 ndi lotalika pafupifupi masentimita 74, ndiye mukaliimika pakati mwatseka gawo lalikulu la khomo la mphepoyo. Pa msewu wathyathyathya m'nyengo yozizira mwina simuona kusintha kulikonse, n'chifukwa chake ena amalumbira kuti palibe vuto. Mayeso ake enieni ndi mwezi wa Okutobala ku Tete, kapena chikweza cha ku Golomoti polowera ku Dedza, kapenanso cha ku Chiweta: giya yachiwiri, liwiro lochepa, galimoto yodzaza, fani ikulira osapuma, inu diso lili pa kamuvi ka kutentha kakukwera pang'onopang'ono. Injini yowira imadya ndalama zambiri kuposa matayala anayi.

Palinso zina zimene anthu amazizindikira atawotcherera kale. Nambala puleti imabisika, ndiye iyenera kusamutsidwira poonekera, apo ayi mudzafotokoza pa rodibuloko iliyonse. Galimoto zatsopano zimakhala ndi radar pamphuno yothandiza kumanga mabuleki mwadzidzidzi, ndipo tayala likaitchinga imasokonekera. Mphuno ya galimoto inapangidwa kuti izipindika pa ngozi m'njira inayake, ma airbag n'kutuluka pa nthawi yake. Chitsulo cholimba chotulukira kutsogolo chimasintha zimenezo, komanso n'choopsa kwa woyenda pansi kapena wapanjinga. Ichi sindichitenga mopepuka, chifukwa misewu yathu imadutsa pakati pa misika. Ku Britain ndi ku Ulaya malamulo a zitsulo zomangira pamphuno ndi okhwima, ndipo a inshuwalansi ayenera kuuzidwa musanasinthe kanthu. Mukati tayalalo mulitsitse m'munsi kuti mphepo izidutsa, ndiye kuti lizikhula pansi potsika pantoni kapena polowa m'kakhwawa.

Kumbuyo n'kumene ambiri amathamangira, poti sikutseka mphepo ndipo kumaoneka kwachibadwa. Apa pali masamu amene ndikufuna muwaone bwino. Zili ngati wa kabaza akamangirira thumba la chimanga kumapeto kwenikweni kwa kaliyala: tayala lakumbuyo limaphwanyika ndi katundu, lakutsogolo n'kumafuna kunyamuka. Tiyerekeze kuti pakati pa maekiselo anu pali mamita anayi, monga zilili pa Ducato yaitali, ndipo khoma lakumbuyo lili mamita awiri kuchokera pa ekiselo yakumbuyo. Tayala la mainchi 16 ndi rimu yake yachitsulo limalemera pafupifupi makilogalamu 30. Ndi chonyamulira chake tinene 40. Makilogalamu 40 amenewo amasanduka 60 pa ekiselo yakumbuyo, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 20. Omwewo mukawaika mita imodzi kutsogolo kwa ekiselo yakutsogolo, kutsogoloko kumalemera ndi 50, kumbuyo kumapepuka ndi 10. Kwa ekiselo yakumbuyo, kusiyana kwa malo awiriwa ndi makilogalamu 70. Ngati sikelo inakuuzani kuti kumbuyo mwatsala ndi 30 okha, nkhani yatha. Ndipo poti Ducato imakoka ndi matayala akutsogolo, kupepuka kwa mphuno mumakumva pa udzu wonyowa kapena pa mchenga wa kunyanja, matayala akungozungulira pamodzimodzi.

Chachiwiri ndi pomangirira. Khoma la motorhome ndi malata kapena pulasitiki yopyapyala, m'kati muli chofewa chotchinga kutentha. Mabauti oboola khoma lotero amagwedezeka pa msewu wa fumbi wa mizeremizere, mabowo amakula, madzi a mvula n'kuyamba kulowa mwakachetechete mpaka matabwa a m'kati kuwola. Bampala ya chitsulo cha makona anayi imene imakhala pa galimoto zambiri za ku America nayonso ndi yopyapyala, imang'aluka m'mowotcherera. Makwerero a padenga asakunyengeni, sanapangidwire tayala. Ngati mwasankha kumbuyo, chonyamuliracho chigwire ku chasisi kapena ku chitsulo chokokera ngolo, ndipo kulemera kwake mukuchotsere pa malire a chitsulocho. Pa galimoto ya zitseko ziwiri kumbuyo, mkono wotseguka ngati geti umene umanyamula tayala pawokha ndi wabwino kuposa kulipachika pa chitseko, chifukwa mahinjesi amafooka.

Pansi pa galimoto ndi pamene ine ndimasankha malo akakhalapo. Kulemera kumakhala m'munsi, pafupi ndi ekiselo, dzuwa silipsereza tayala, wakuba saliona msanga, ndipo ndi pomwe Fiat ndi Mercedes eni ake amaika sipeya pa maveni awo. Kuipa kwake kumaonekera tsiku la tsoka. Tayala lakumbuyo likaphwa galimoto imatsika, mpata wotulutsira sipeya umachepa. Mumapezeka mwagona chagada m'mbali mwa msewu, malole akudutsa pafupi ndi mapazi anu, mukuzungulitsa kachitsulo kotsitsira, chingwe chake chitagwirana ndi dzimbiri ndi matope a mvula ya chaka chatha, dothi likugwera m'maso. Mankhwala ake ndi osavuta: kamodzi pa chaka litsitseni muli pakhomo, mutsuke, mupake girizi, muyeze mpweya, mulibwezeretse. Vuto lina ndi lakuti omanga ma motorhome amakonda kuika thanki ya madzi akuda pamalo omwewo. Ngati ndi momwe ilili yanu, pansi patsekeka.

Padenga sindilimbikitsa. Galimoto ndi yaitali kale, imayendayenda ndi mphepo, ndiye mukuwonjezera kulemera pamwamba penipeni. Ndipo kutsitsa makilogalamu 30 pa makwerero kuchokera mamita atatu ndi njira yothyokera msana. M'chipinda cha katundu cham'mbuyo tayala limakhala loyera ndi lotetezeka, bola limangidwe ndi malamba ku mphete za pansi, koma limadya malo ndipo masamu a ekiselo yakumbuyo aja amagwirabe ntchito. Likankhireni kutsogolo momwe mungathere.

Amene muli ndi ma motorhome akuluakulu a matayala a mainchi 19.5 kapena 22.5, nkhani yanu ndi ina. Tayala lotero simungalisinthe nokha ndi jeke wamba. Ambiri amanyamula tayala lokha lopanda rimu, chifukwa wokonza matayala a malole amapezeka, chosowa chimakhala saizi. Ndipo ngati injini yanu ili kumbuyo, nkhawa ya rediyeta pamphuno ilibe ntchito, ngakhale nthawi zambiri kumeneko kumakhala jenereta imene imafunika kutseguliridwa.

Ndiye kutsogolo ndingavomere liti? Pamene pansi palibe malo, sikelo yaonetsa kuti kumbuyo kwadzaza koma kutsogolo kuli mpata, galimoto ilibe radar pamphuno, ndipo chitsulo chake n'chomangira ku chasisi ndi mabauti, osati chowotcherera pa bampala. Tayala litalikireko ku zenera la mphepo, musalivindikire ndi chinsalu chachikulu, ndipo mukayese pa chikweza tsiku lotentha muli pafupi ndi kwanu. Kamuvi kakakwera kuposa mmene kankakhalira kale, lichotseni.

Pogula sipeyayo samalani ndi rimu. Ducato yopepuka ndi Ducato Maxi zonse zili ndi mabowo asanu, koma mabowowo amatalikirana mosiyana: ina ndi 5x118, ina ndi 5x130, sizilowana. Yesani kulimanga pa galimoto musanalipire. Muwerengenso manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokhala panja, kutsogolo kapena kumbuyo, limang'aluka ndi dzuwa ngakhale lisanagunde msewu, ndipo likafika zaka khumi lisinthidwe ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano.