Chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika m'chipatala: ntchito yabwino imene imafika mochedwa

M'zipatala zambiri zikuluzikulu muli gulu la anamwino ndi madokotala limene ntchito yake si kuchiza matenda ayi, koma kuchepetsa ululu ndi kuvutika kwa munthu amene matenda ake afika poti sangachirenso. A zachipatala amatchula chithandizo chimenechi kuti palliative care. Ndikulemba monga mmene ndinachionera pamene ndinali kudwazika bambo anga, amene anagonekedwa chifukwa cha khansa imene inali itafalikira m'mafupa. Kuona kwanga n'kwakuti anthu a gululi amaidziwa bwino ntchito yawo, koma kayendetsedwe ka chipatala kamachititsa kuti afike pa bedi la wodwala iye atazunzika kale kwambiri.

Chimene ndikuwayamikira koposa ndi mmene anagonjetsera ululu. Iwo asanabwere, bambo ankalandira mankhwala pokhapokha akayamba kubuula, ndipo pofika nthawi imene mankhwalawo ankayamba kugwira ntchito, iwo amakhala atatheratu mphamvu. Namwino wa gululi anakhala pansi n'kuwafunsa kuti akuloze pamene pakupweteka, anene ngati ululuwo ukubaya, ukuotcha kapena ukuphwanya, ndiponso kuti ukufika pati pa muyeso woyambira pa 0 kulekeza pa 10. Atatero, dokotala analemba mofini wakumwa (mankhwala amphamvu kwambiri ochepetsa ululu) woti aziperekedwa maola anayi alionse, usana ndi usiku, kaya wodwala akudandaula kaya ayi, komanso mlingo wina wapadera woti aziwapatsa ululu ukabuka pakati pa nthawizo. Njira imeneyi si yachilendo, chifukwa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linaifotokoza kale mu 1986 m'malangizo ake okhudza ululu wa khansa: mankhwala akhale akumwa ngati n'kotheka, aperekedwe motsata wotchi, ndipo ayambire pa ofooka monga paracetamol n'kumakwera mpaka pa mofini malinga ndi kukula kwa ululu. Chodabwitsa n'chakuti mu wodi wamba malangizo akale chonchi sankatsatidwa mpaka gululi litalowererapo.

Ena mwa abale anachita mantha atamva dzina la mofini, poganiza kuti ndi mankhwala otsirizira munthu. Namwino sanapse mtima, koma anafotokoza modekha kuti mofini woyezedwa bwino, n'kumawonjezedwa pang'onopang'ono, safupikitsa moyo. Anachenjezanso kuti pamasiku oyamba wodwala akhoza kumawodzera kapena kuchita nseru, zimene zimatha zokha, pamene kudzimbidwa sikutha, n'chifukwa chake analemberatu mankhwala ofewetsa m'mimba tsiku lomwelo. Zonse zinachitikadi monga ananenera. Bambo anayamba kugona tulo, kenaka m'mawa wina anakhala tsonga n'kupempha kalilole ndi lezala kuti amete ndevu, chinthu chimene anali atasiya kuchilabadira.

Gawo lina la ntchito yawo ndi kulankhula, ndipo apa m'pamene amasiyana kwambiri ndi madokotala oyendera odwala m'mawa, amene amayang'ana fayilo kuposa nkhope ya munthu. Cicely Saunders, mayi amene anali namwino asanakhale dokotala, ndipo anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamaliramo odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene ali pafupi kufa sukhala m'thupi mokha, koma umakhudzanso maganizo, banja ndi mzimu. Ndinaona chiphunzitso chimenechi chikugwira ntchito. Ife a pabanja tinkazemba kutchula dzina la matendawo pamaso pa bambo, koma dokotala wa gululi anakoka mpando, n'kufunsa kuti: “Bambo, kodi inuyo mukudziwapo chiyani za matenda anuwa, nanga mukufuna kuti tikuuzeni mpaka pati?” Bambo anayankha kuti anali atazindikira kalekale, ndipo chimene chinkawasowetsa tulo sichinali imfa, koma kuti mayi adzatsala bwanji ndiponso kuti panali mwana wawo wina amene anali asanayanjane naye. Dokotalayo sanalonjeze zabodza, ndiponso sanatchule tsiku. Anangonena kuti nthawi ikuoneka kuti ndi yochepa, choncho zimene akufuna kukonza azikonze msanga. Sindikunena kuti wodwala aliyense amafuna kumva zonse; ubwino wa funso lija n'kuti limasiyira mwini wake ufulu wosankha.

Anatiphunzitsanso ife odikirira wodwala zinthu zing'onozing'ono zimene manja a wachibale angathe kuchita: kumutembenuza pafupifupi maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda pamsana, m'chiuno ndi ku zidendene, kumupukuta m'kamwa ndi kansalu konyowa, kupaka mafuta pamilomo youma, ndi kutsamiritsa mutu pamene akubanika. Phunziro limene linatipweteka mtima linali lokhudza chakudya. Tinkaona ngati kuleka kuwakakamiza kudya n'kuwataya, koma namwino anatiuza kuti thupi likamafooka chilakolako cha chakudya chimachepa chokha, ndipo kukakamiza kumangobweretsa kusanza ndi kutsamwa.

Zolakwika zilipo, ndipo si zazing'ono. Choyamba n'chakuti palibe amene anatiuza kuti gululi liliko. Tinamva kwa munthu wina amene ankadwazika m'bale wake pa bedi loyandikana nalo. Madokotala ena amaoneka kuti amatenga kuitana gululi ngati kuvomera kuti alephera, motero amadikira mpaka wodwala atatsala madzi amodzi, chonsecho msonkhano waukulu wa mayiko a m'bungwe la World Health Organization, wotchedwa World Health Assembly, unagwirizana mu 2014 kuti chisamaliro chotere chikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo pa nthawi yonse ya matenda, osati kumapeto kokha. Kuwonjezera apo, gululi linkagwira ntchito masana okha, pamasiku a ntchito. Usiku ndi kumapeto kwa sabata mofini ankadalira namwino wa mu wodi amene anali ndi odwala ambiri, ndipo popeza mankhwalawa amatsekeredwa m'kabati n'kulembedwa m'buku lapadera, nthawi zina ankachedwa, ululu n'kubwereranso. Sindikuimba mlandu anamwinowo, pakuti ndinkawaona akuthamanga usiku wonse. Vuto ndi kuchepa kwawo.

Chinanso n'chakuti wodi inapitiriza kuyenda monga mwa masiku onse. Munthu amene wagona movutikira ankadzutsidwa mbandakucha kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi, ndipo ankatengedwa magazi kukayezedwa ngakhale zotsatira zake sizikanasintha kanthu, mpaka dokotala wa gululi analemba m'fayilo kuti zimenezi zichepe. Nkhani zakuya za m'banja zinkakambidwa kuseri kwa nsalu yotchinga, odwala ena akumva. Chipinda chaching'ono chokambiramo nkhani zoterezi sichinthu chovuta kuti chipatala chipeze.

Amene m'bale wake wagonekedwa ndi khansa imene yafalikira, kapena matenda a mtima, impso kapena mapapo amene afika posabwerera, afunse dokotala mwachindunji ngati chipatalacho chili ndi gulu limeneli, ndipo apemphe kuti libwere msanga. Kulandira chisamalirochi sikuletsa chithandizo china chimene wodwala akulandira. Ndi bwinonso kulemba m'kope nthawi imene mankhwala aperekedwa ndi mmene ululu ukusinthira, chifukwa zolembazo zimathandiza dokotala kuyeza mlingo woyenera. Ngati wodwala akufuna kukatsirizira masiku ake kunyumba, monga anasankhira bambo anga, musatuluke m'chipatala musanadziwe kumene mukatengenso mofini akatha, mlingo woti mupereke ululu ukakula usiku, ndi nambala ya foni ya munthu woti mumuimbire zinthu zikasintha.