Konvoyi yaikulu kapena kumwaza katundu, chabwino nchiti pankhondo?

Msilikali wopanda chakudya, mafuta ndi zipolopolo samenya nkhondo, nchifukwa chake mdani amayamba ndi malole onyamula katunduwa. Ndiye pali njira ziwiri zowatetezera.

Yoyamba nkuika malole onse mumzere umodzi, kutsogolo ndi kumbuyo magalimoto a mfuti. Akuluakulu athu kuno ku Nsanje amakumbuka nthawi ya nkhondo ya zigawenga za Renamo ku Mozambique, malole opita ku Zimbabwe ankadutsa ku Tete moperekezedwa choncho ndipo zinkathandiza ndithu poti mdani anali wobisalira m'tchire ndi mfuti zapamanja. Koma lero kuli madroni, tindege topanda munthu m'kati. Mu 2022 konvoyi ya Russia yotalika makilomita oposa 60 inangoima kumpoto kwa Kyiv, likulu la Ukraine, mafuta avuta, aliyense akuiona kuchokera m'mwamba. Tangoganizani malole atsekana potsika Thabwa kulowera ku Kamuzu Bridge, wakutsogolo akapsa enawo atembenukira pati?

Ina nkumwaza, timagalimoto ting'onoting'ono, njinga zamoto, kuyenda usiku, katundu kumubisa malo ambirimbiri. Ku Ukraine afika pokuta misewu ina ndi maukonde kuti droni izikodwa. Vuto lake katundu amafika pang'onopang'ono, pamafunika madalaivala ambiri komanso mawailesi odalirika, ndipo wovulala kumutulutsa kumachedwa, zimenezi ine zimandipweteka mtima.

Komabe ine ndasankha kumwaza. Asilikali athu a MDF akamatumizidwa kunja ngati ku DRC kuja, dalaivala, makaniki ndi wophika aziphunzitsidwa kudziteteza ku droni mofanana ndi msilikali womenya nkhondo kutsogolo.