Othandiza kufunsira residency a pa Luchenza: tengani ziwiri, chachitatu chisiyeni

Pa Luchenza, chapafupi ndi msewu wochoka ku Thyolo kupita ku Mulanje, pali kaofesi ka madokotala angapo amene amathandiza anzawo achinyamata kukonza mapepala ofunsira maphunziro a ukatswiri, aja timangoti residency kapena MMed. Zambiri amachitira pa WhatsApp, kuofesiko mumapitako Loweruka lokha. Amagulitsa zinthu zitatu, chilichonse ndi mtengo wake: kuunika mapepala, intavyu yoyeserera, ndi china chomwe amachitcha kukonza mbiri ya magiredi a rotation, nthawi imene wophunzira udokotala amakhala m'gawo limodzi la chipatala. Ziwiri zoyambazo n'zoyenera ndalama yanu. Chachitatucho ndiye chodula kwambiri, komanso ndicho chopanda phindu.

Tiyambe ndi chodulacho, poti ndicho chimakopa anthu. Wophunzira amene anakhoza mwapakatikati ku surgery kapena ku ana, kaya anabwereza mayeso a rotation imodzi, amabwera mtima uli m'mwamba kuganiza kuti khomo latsekeka. Apa amamukhazika pansi n'kumulembera tsamba lonse lofotokoza chifukwa chake malikisi anatsika. Malangizo ake n'ngotengedwa ku America, kumene masukulu ambiri amapereka Honors, High Pass ndi Pass pa rotation iliyonse, ndipo zonsezo zimalowa m'kalata ya sukulu yotchedwa MSPE. Kumeneko magirediwa amalemeradi, makamaka kuyambira mu 2022 pamene USMLE Step 1, gawo loyamba la mayeso a chilolezo cha udokotala kumeneko, inasiya kupereka malikisi n'kungotsala yokhoza kapena yolephera. Koma amene amapindula nawo ndi ophunzira a m'masukulu a komweko, amene osankha amawadziwa kapimidwe kawo. Transcript yochokera ku KUHeS, yunivesite yathu ya zaumoyo, ikafika pa tebulo la munthu wa ku Ohio, alibe poiyerekezera. Amathamangira malikisi a Step 2 CK (gawo lachiwiri la USMLE), satifiketi ya ECFMG (bungwe lotsimikiza madokotala ophunzira kunja kwa America), ndi makalata a madokotala amene anakuonani mukugwira ntchito.

Kuno kwathu nkhani yake ndi ina. Pakati pa digiri ndi residency pali internship ya miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa, kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo ambiri amayamba agwirako ntchito pachipatala cha boma kapena cha mishoni. Pofika tsiku la intavyu, magiredi a chaka chachinayi amakhala atatsalira kutali. Amayang'anidwa ndithu, koma funso lake n'lalifupi: munakhoza zonse? Gawo lomwe mukufunsiralo munalikhoza bwanji? Ngati munabwereza, chiganizo chimodzi chonena zoona n'chokwanira. Tsamba lathunthu lodzikhululukira limangokokera maso pa chilonda chomwe wosankhayo akanangochidumpha.

Pomwe a kaofesi kaja amaidziwa ntchito ndi pa logbook, buku lolembamo maopaleshoni amene munagwirako. Amaitsegula tsamba ndi tsamba, ndipo sanyengerera. Mzere uliwonse amafuna pakhale tsiku, nambala ya fayilo ya wodwala osati dzina lake, mtundu wa opaleshoni, mbali yomwe inu munagwira, vuto ngati linalipo, siginecha ndi chidindo. Pa mbali yomwe munagwirayo ndi pamene ambiri amagwa. Kuonerera, kuthandizira, kuchita wamkulu ataima pambali, ndi kuchita nokha ndi zinthu zinayi zosiyana, koma m'mabuku ambiri mumangolembedwa "done" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wofunsa wodziwa ntchito akaona masiza makumi angapo olembedwa choncho, popanda ngakhale mmodzi amene anataya magazi ambiri kapena bala linachita mafinya, amadziwiratu kuti bukulo linadzazidwa usiku umodzi. Cholembera chimodzi, inki imodzi, miyezi itatu yonse: amaona zimenezonso.

Langizo lawo loti musainitse sabata yomweyo ndi lanzeru, makamaka kuno ku Thyolo ndi Mulanje. Zipatala ngati Malamulo ku Makwasa ndi Mulanje Mission zimalandira madokotala obwera kwa kanthawi, ndipo amene anakuyang'anirani mu Malichi akhoza kukhala atabwerera kwawo pofika Juni. Pazipatala za boma, siza yambiri imachitidwa ndi ma clinical officer, anthu aluso kwambiri m'fiyeta, koma kafunseni msanga ngati pulogalamu yomwe mukufunayo imalandira siginecha yawo kapena imafuna ya dokotala wamkulu. Kwa ofuna surgery, logbook ndi moyo wonse: ku COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya chigawo chino cha Africa, zaka ziwiri zoyambirira (MCS) ndi zaka zotsatira za ukatswiri (FCS) zimayendera yomweyo, ndipo pa Malamulo pomwepo pali pulogalamu ya zaka zisanu ya PAACS, bungwe lachikhristu lophunzitsa madokotala a opaleshoni. Wozolowera kulemba bwino ali pa internship savutika kutsogoloko.

Amaunikanso maina. Zikuoneka zazing'ono, koma dzina la pa MSCE, pa digiri, pa chiphaso cha Medical Council ndi pa pasipoti likasiyana chilembo chimodzi, kapena dzina lapakati likasowa pena, mabungwe akunja amaimitsa fayilo mpaka mutabweretsa kalata yolumbira. A ECFMG amatsimikiza digiri kusukulu kwanu komwe, osati pa kope yomwe mwatumiza inu, choncho nthawi yodikira muiwerengeretu. Kaofesika kali ndi sikana yabwino, amatulutsa PDF yooneka chidindo bwinobwino, osati zithunzi za pafoni zokhala ndi mthunzi wa chala.

Za makalata okuchitirani umboni, amakuuzani kuti mupemphe kwa munthu amene munagwira naye ntchito usiku pa call, osati wa dzina lalikulu amene anakuonani kawiri pa ward round. Mumupatse CV, logbook, ndi odwala awiri kapena atatu amene munawasamalira limodzi kuti akumbukire, ndipo mupemphe kudakali mwezi wathunthu. Kalata yonena kuti munazindikira ectopic (mimba yokhala kunja kwa chiberekero) yophulika usiku n'kukonza magazi wamkulu asanafike imaposa yongoti ndinu wolimbikira ntchito. Chimodzi chokha sitikugwirizana nacho: amapereka chitsanzo cha kalata choti mukapatse wokulemberaniyo. Makalata atatu a mawu ofanana, ochokera kwa anthu atatu osiyana, amanunkha patali.

Intavyu yoyeserera imatenga pafupifupi ola. Amakupatsani wodwala wapakamwa, mwachitsanzo wakabaza wogundidwa amene BP ikutsika, magazi kulibe, ambulansi yapita ku Queens, ndiye mufotokoze chochita mwadongosolo. Kenako amafunsa za wodwala amene zinthu sizinayende bwino m'manja mwanu, ndi amene adzakulipirireni maphunziro. Funso lomalizali ambiri amalipeputsa, pomwe malo akhoza kupezeka koma wolipira n'kusowa, ndipo wogwira m'boma amafunikanso chilolezo chopita kusukulu. Ofunsawo ndi olimba pa surgery ndi pa amayi oyembekezera. Ofuna za ana kapena family medicine apeza mafunso ake ndi osaya. Yapa vidiyo imadukaduka magetsi akathima, ndiye ngati muli ku Thyolo boma kapena ku Chitakale, kwerani minibasi mukakhale nawo maso ndi maso, logbook yeniyeniyo ili m'manja.