Mabuku awiri a Baden-Powell: nyenyezi zitatu pa zisanu

Mnyamata wanga ali Folomu 2, ndipo aphunzitsi anawauza kuti aliyense alembe mbiri ya munthu amene anayambitsa gulu la achinyamata. Poti iye ndi msikauti, sanachedwe kusankha Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gulu la masikauti. Ku laibulale ya kusukulu kwawo anapezako ndime imodzi yokha, choncho ndinalembera pa WhatsApp bambo wina wogulitsa mabuku akaunjika m'tauni muno.

Bamboyo amayankha mwaulemu. "Mayi, musade nkhawa, Lachisanu likhala lafika." Lachisanu lake linadutsa kawiri. Tsiku limene anabweretsa, ndinatsegula jumbo n'kupezamo Scouting for Boys, buku limene Baden-Powell analemba yekha mu 1908. Si mbiri ya moyo wake ayi. Ndi malangizo kwa anyamata: kumanga mfundo za zingwe, kusonkha moto kutchire, kutsata mapazi a nyama. Nditadandaula anangoti, "Komatu mayi, dzina ndi lomwelo." Ndinamuona kuti mabuku ake sawatsegula n'komwe. Sindinalibweze chifukwa mwana anali atalikumbatira kale, ndipo chingwe changa choyanikapo zovala chinathera kuyeserera mfundo.

Buku lachiwiri ndi limene tinkafuna: Baden-Powell, lolembedwa ndi Tim Jeal, la mu 1989. Linafika chikuto chomata ndi selotepi, likununkha chinyezi, koma masamba onse analipo. Kunenepa kwake ngati njerwa. Chingerezi chake mwana wa Folomu 2 sangachimeze yekha, moti madzulo tinkakhala awiri pakhonde, ine kuwerenga n'kumamasulira, iye kulemba m'kope, magetsi akazima tochi ya foni n'kulowa ntchito.

Zofunika pa ntchito ya kusukulu tinazitola mosavuta chifukwa kumapeto kuli mlozera wabwino. Anabadwira ku London pa 22 February 1857. Anatchuka ali msilikali, atazingidwa ndi Mabunu ku Mafeking, m'dziko la South Africa, masiku 217, kuyambira October 1899 mpaka May 1900. Msasa woyamba anauchititsa pachilumba cha Brownsea, ku England, mu August 1907 ndi anyamata 20, ndipo mu 1910 mlongo wake Agnes anatsogolera gulu la atsikana. Chimene chinamudabwitsa mnyamata wanga n'chakuti manda a munthuyu ali mu Africa momwe muno, ku Nyeri m'dziko la Kenya, kumene anamwalirira pa 8 January 1941. Pamwala wa mandawo pali kabwalo kokhala ndi kadontho pakati, chizindikiro chimene masikauti amasiya panjira posonyeza kuti apita kwawo. Mwanayu anachijambula pachikuto cha ntchito yake.

Koma makolo anzanga, dziwiranitu kuti bukuli silimunyengerera. Ku msasa ana amangomva za nkhalamba yachifundo ya chipewa chotambalala. Muno mukumana ndi msilikali wa atsamunda amene anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Amandebele mu 1896, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, n'kulamula kuti mfumu Uwini iwomberedwe. Akuluakulu ake anamufufuza pa nkhaniyi n'kumupeza wosalakwa. Mwana anasiya kulemba, n'kundiyang'ana. "Amayi, ndiye anali munthu wabwino kapena woipa?" Ndinamuuza kuti alembe zonse ziwiri, aphunzitsi aweruza okha. Kunena zoona ndinachita dala kuthawa funsolo, chifukwa nanenso linandikhala pakhosi. Mulinso mitu yofufuza za moyo wake wam'nyumba imene ndinailumpha. Imeneyo adzawerenga akadzakula.

Nyenyezi ziwiri ndachotsazo ndi za wogulitsa: kuchedwa, ndi kundigulitsa buku limene sindinaitanitse. Tikanadalira Lachisanu lake loyamba lija bwenzi ntchito itapita mochedwa, mwayi kuti aphunzitsi anapereka mwezi wathunthu. Ngati mukuitanitsa kwa anthu otere, tchulani mutu ndi dzina la wolemba, ndipo auzeni akutumizireni chithunzi cha chikuto musanatumize ndalama. Kwa mwana wa pulayimale buku la Jeal musavutike nalo, funani kabuku kazithunzi. Lathuli tabwereketsa kwa mtsogoleri wa gulu la mwanayu, ndipo mwezi watha asanabweze.