Golf R, WRX kapena GR Corolla: Suzumirani Kunsi kwa Galimoto Musanakopeke ndi Mphamvu ya Injini

Mukaimika Volkswagen Golf R, Subaru WRX ndi Toyota GR Corolla pamzere umodzi, mungaganize kuti ndi ana a mimba imodzi. Onse ndi magalimoto aang'ono, onse ali ndi turbo, onse amapitirira 200 kW, ndipo onse amakoka ndi matayala anayi. Kusiyana kwawo kumaoneka galimoto ikakwezedwa m'galaja, munthu n'kulondola njira yomwe mphamvu imadutsa kuchoka ku giyabokosi kukafika ku matayala akumbuyo. Njirayo ndiyo imalamula mmene galimoto ikhotere pakona, chimene chidzayambe kuwonongeka, komanso sevisi yomwe mwiniwake sayenera kuiphonya.

Tiyambe ndi Golf R, poti ndi yomwe anthu ambiri amayamba kuiganizira. Injini yake ndi ya malita 2.0, ya masilinda anayi, yotchedwa EA888, ndipo inaikidwa chopingasa ngati ya Golf wamba. Mu Golf R ya m'badwo wa 7 inkatulutsa 221 kW, kenako 228 kW ataikonzanso. Nthawi zambiri galimotoyi imayenda ngati yokoka ndi kutsogolo. Pafupi ndi difu yakumbuyo, chipangizo chogawa mphamvu ku matayala awiri akumbuyo, pali kilatchi ya mbale zambiri yoviikidwa mu oyilo, yotchedwa Haldex. Kompyuta ikaona kuti mwaponda mafuta mwamphamvu kapena matayala akutsogolo ayamba kuterereka, pampu yamagetsi imapanikiza mbalezo ndipo mphamvu imawolokera kumbuyo. Ngakhale itagwira mpaka pamapeto, Haldex siingazungulitse matayala akumbuyo mofulumira kuposa akutsogolo. N'chifukwa chake Golf R 7 imanyamuka ngati yamatidwa pamsewu, mvula kaya dzuwa, koma mukailowetsa pakona mopitirira muyezo mphuno yake imakankhira kunja m'malo moti kumbuyo kuzungulire.

Pa Haldex pomwepa m'pamene eni ake ambiri amagwa. Oyilo wake ndi wapadera, si wa difu, ndipo amafunika kusinthidwa pakatha zaka zitatu zilizonse. Kusintha oyilo kokha sikukwanira. Pampu ya Haldex ya m'badwo wa 5 ili ndi kasefa kakang'ono kukamwa kwake, ndipo fumbi lochoka ku mbale za kilatchi limasakanikirana ndi oyilo n'kupanga chiphalaphala chotuwa chomwe chimatseka kasefako. Makaniko wodziwa ntchito amamasula mabawuti awiri, kuzula pampuyo, kutsuka sefa, kuika mphira zatsopano zotsekera, kenako kuthira oyilo. Zikapanda kuchitika, pampu imavutika kukoka mpaka kupsa, ndipo galimoto imasanduka yokoka ndi kutsogolo kokha, nthawi zina popanda nyali iliyonse kuyaka pa dashibodi. Chizindikiro chake n'chakuti ponyamuka mwamphamvu pamsewu wonyowa matayala akutsogolo amazungulira pachabe. Pali msampha winanso: zotsekera za oyilo wa Haldex ndi za oyilo wa difu zili moyandikana, moti wosazolowera akhoza kukhuthula difu n'kudzaza Haldex, difu n'kutsala youma.

Giyabokosi ya otomatiki ya Golf R, yotchedwa DSG, nayonso ili ndi nthawi yake. Ya magiya 6, yotchedwa DQ250, imafuna oyilo ndi sefa pa makilomita 60,000 alionse. Pa injini, malo oyamba kuyang'ana ndi chibokosi chapulasitiki chosunga pampu ya madzi ndi thermostat, chomwe chimakonda kudontha. Mukaona zoyera kapena zofiirira zitauma pansi pa manifodi olowetsa mpweya, kapena madzi oziziritsa injini akuchepa pang'onopang'ono popanda chithaphwi pansi, ganizirani pamenepo.

Golf R ya m'badwo wa 8 inasintha zambiri kumbuyo. Mphamvu inafika 235 kW ndi 420 Nm, ndipo m'malo mwa kilatchi imodzi anaika ziwiri, imodzi ku tayala lililonse lakumbuyo. Pafupifupi theka la mphamvu likhoza kupita kumbuyo, ndipo kompyuta ingathe kupereka gawo lonselo ku tayala lakunja kwa kona. Tayalalo limakankha galimoto kuti ikhote, ndipo kukana kukhota komwe kunali pa m'badwo wa 7 kunachepa kwambiri. Chomwe sitikondwa nacho ndi m'kati: zowonjezera kutentha ndi mawu zinakhala zongosisita ndi chala, ndipo pa magalimoto oyambirira sizinkawala usiku. Pa galimoto yothamanga chonchi, chilichonse chochotsa maso pamsewu ndi cholakwika.

Subaru inatsata njira ina kuyambira pachiyambi. Injini yake ndi yogona, masilinda awiri kumanja awiri kumanzere, ndipo inaikidwa molunjika kutsogolo kwa giyabokosi. WRX yomwe inatuluka mu 2022 ili ndi injini ya malita 2.4, FA24, yotulutsa 202 kW ndi 350 Nm. Pamapepala ndiyo yofooka pa atatuwa. Koma ya manyuwale ili ndi difu yeniyeni yapakati yogawa mphamvu 50 kutsogolo 50 kumbuyo nthawi zonse, osadikira kompyuta kapena pampu. M'kati mwa difuyo muli mbale zozungulira m'madzi olemera a silikoni. Mbali imodzi ikayamba kuthamanga kuposa inzake, madziwo amalimba n'kugwirizanitsa mbali ziwirizo. Ya otomatiki, yomwe ndi CVT (giyabokosi yopanda magiya okhazikika), imagawa 45 kutsogolo 55 kumbuyo. Pamsewu wafumbi, wamiyala kapena wamatope, kukoka kosalekezaku kumamveka: galimoto siyamba yaterereka kenako n'kudzikonza, imangogwira.

Pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa. WRX wamba ilibe difu zotseka kutsogolo ndi kumbuyo, zija zoletsa tayala limodzi kuzungulira pachabe. Tayala lam'kati mwa kona likapepuka, kompyuta imalimana ndi buleki kuti mphamvu ipite ku linzake. Zimagwira ntchito, koma zimatenthetsa mabuleki mukazunguza galimoto nthawi yaitali. WRX STI ndiyo inali ndi difu zotseka mbali zonse komanso difu yapakati ya DCCD yomwe dalaivala ankatha kuisintha ndi batani. STI yotereyi inasiya kupangidwa mu 2021, choncho onse omwe alipo pamsika ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ambiri anavutitsidwa.

Wogula STI ayenera kuidziwa bwino injini ya EJ257. Timizati ta pisitoni tolekanitsa maring'i timasweka injini ikamagogoda, ndipo kugogodako kumabwera ndi petulo wa octane yochepa, kutentha, kapena kompyuta yosinthidwa ndi munthu wosadziwa. Pisitoni ikasweka pamenepo, silindayo imataya mphamvu, injini imadya oyilo ndi kufuka utsi wobiriwira. Musagule musanayeze kupanikiza kwa masilinda onse anayi. Kapaipi kokokera oyilo pansi pa injini nakonso kamadziwika kuti kamang'aluka, ndipo kakatero mabering'i amauma. Injini za EJ zimayendera lamba wa taiming'i, choncho funsani risiti yosonyeza tsiku lomwe anasinthidwa pamodzi ndi mapule ake. Za FA zili ndi tcheni, koma poti petulo amapoperedwa m'silinda mwachindunji osatsuka mavavu olowetsa mpweya, mwaye umaunjikana kumbuyo kwa mavavuwo. Injini ikamanjenjemera m'mawa isanatenthe, mwina yafika pofuna kupalidwa.

GR Corolla inabwera mu 2022 ndi injini yodabwitsa: masilinda atatu okha, malita 1.6, koma 221 kW. Poyamba inkatulutsa 370 Nm ndipo inkapezeka ya manyuwale yokha. Pambuyo pake anaikweza kufika 400 Nm n'kuwonjezera otomatiki ya magiya 8. Injiniyi, G16E-GTS, ndi yomwenso ili mu GR Yaris ya 2020, ndipo imapopera petulo m'njira ziwiri, m'silinda ndi kuseri kwa mavavu, choncho vuto la mwaye ndi lochepa. Pansi pa ma rev 3,000 ndi yaulesi pang'ono. Imafuna dalaivala wosintha magiya pafupipafupi, ndipo ikakwera imalira mokhuthala ngati injini yaikulu.

Luso lenileni lili mu GR-Four, njira ya Toyota yogawira mphamvu ku matayala anayi. Nayo imagwiritsa ntchito kilatchi kumbuyo, koma magiya akumbuyo anawapanga mosiyana pang'ono ndi akutsogolo, kuti mbali yakumbuyo izifuna kuthamanga pang'ono kuposa yakutsogolo. Kilatchi ikapanikizidwa kwambiri, kumbuyo kumatenga gawo lalikulu. Ndi kabatani kozungulira, pa magalimoto oyambirira dalaivala amasankha kagawidwe ka mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo: 60:40, 50:50 kapena 30:70. Yokhala ndi difu zotseka za mtundu wa Torsen kutsogolo ndi kumbuyo ndiyo tingalimbikitse, chifukwa potuluka pakona imakoka ndi matayala onse popanda kudalira mabuleki. Mukakoka buleki yamanja, kilatchi yakumbuyo imamasuka yokha kuti matayala akumbuyo aime popanda kupweteka giyabokosi.

Mtengo wa luso limeneli ndi kutentha. Poti mbale za kilatchi zimakhulana nthawi zonse, pabwalo la mpikisano, pakatha maulendo angapo othamanga mosapuma, kompyuta ikhoza kuchenjeza n'kumasula kilatchiyo mpaka izizire. Pamsewu wamba si nkhani. Zomwe mudzakumana nazo tsiku lililonse ndi zina: buti yaing'ono, malo opanikiza miyendo kumpando wakumbuyo, phokoso la matayala, ndi mapulasitiki a Corolla wamba. GR Yaris, ya zitseko zitatu ndi yolemera pafupifupi makilogalamu 1,280, ndi yosangalatsa koposa, koma mpando wake wakumbuyo ndi wa zikwama.

Ena onse tingawadutse mwachangu. Audi S3 ndi Golf R yovala bwino, ndipo sevisi yake ndi yomweyo. RS3 ili ndi injini ya masilinda asanu, malita 2.5, 294 kW, ndipo kulira kwake palibe wina angakupatseni, koma kulemera kwa injiniyo kuli pamphuno ndipo matayala akutsogolo amatha msanga. Mercedes-AMG A45 S imafinya 310 kW m'malita 2.0, ndi yamphamvu koposa onse, koma ndi youma pamabampu. BMW M135i xDrive ya 2019, ya 225 kW ndi 450 Nm, ndi yabwino paulendo wautali koma siyankhula kwenikweni ndi dalaivala kudzera pa chiwongolero. Ford Focus RS ya 2016 mpaka 2018 inali ndi makilatchi awiri kumbuyo zaka zingapo Golf R isanawalandire, koma oyambirira anali ndi vuto la gasiketi ya mutu wa injini, ndiye pezani umboni woti inakonzedwa.

Matayala ndi nkhani yomwe imakhudza onsewa, ndipo ogula amaiiwala. Manambala a pambali pa tayala amanena zambiri za mmene galimoto idzakhalire pamsewu wokumbika. Tayala la 235/35 R19, lofala pa Golf R, lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 82. La 235/40 R18 la GR Corolla lili ndi 94, pamene la 245/40 R18 la WRX lili ndi 98. Mamilimita khumi ndi asanu ndi limodzi a mphira ndiwo amasiyanitsa limu yopindika ndi limu yopulumuka pa dzenje limodzimodzi. Komanso matayala anayiwo ayenera kukhala a mtundu umodzi ndi otha mofanana. Pa Subaru, kusiyana kwa kuya kwa mizere kusapitirire pafupifupi mamilimita 1.6, chifukwa tayala latsopano ndi lalikulu kuposa lakutha, limazungulira mochedwa, ndipo difu yapakati imaona ngati galimoto ikuterereka ulendo wonse. Imatentha mpaka kuuma. Tayala limodzi likaphulika ena atatha theka, nthawi zambiri mugula anayi. Muwerengeretu zimenezi. Ndipo kukoka ndi matayala anayi kumathandiza ponyamuka ndi potuluka pakona basi. Poima, galimoto iliyonse ili ndi mabuleki anayi, ndipo magalimoto awa ndi olemera kuposa anzawo okoka ndi kutsogolo.

Maganizo athu ndi awa. Wofuna galimoto imodzi yopita nayo ku ntchito, yonyamula banja, yofewa mukaifuna yofewa, atenge Golf R, makamaka yokhala ndi mashoko osinthika a DCC, ndipo asunge ndalama ya Haldex ndi DSG. Woyenda misewu yoipa, wokonda makina osadalira kwambiri magetsi, WRX ya manyuwale imuyenera ngakhale imamwa petulo wambiri ndipo m'kati mwake si mokongola. Amene amagula galimoto chifukwa cha zomwe manja ndi mapazi ake zimamva, GR Corolla ya difu za Torsen ilibe mnzake pa atatuwa, bola avomere kuti katundu adzachepa.

Poyesa yogwiritsidwapo kale ntchito, ipezeni injini ili yozizira, chifukwa yotenthetsedwa kale imabisa utsi ndi phokoso la tcheni. Mukayenda nayo mphindi makumi awiri kuti oyilo yense atenthe, pitani pamalo otakasuka, potozani chiwongolero mpaka pamapeto, muzungulire pang'onopang'ono kumanja kenako kumanzere. Galimoto ikamadumphadumpha kapena kugwiragwira ngati buleki yakanirira, difu yapakati kapena kilatchi yakumbuyo yadwala. Lumikizani kompyuta yoyezera muwerenge gawo la AWD, lokoka ndi matayala anayi, palokha, osati la injini lokha, ndipo funsani ngati pulogalamu ya injini inasinthidwapo. Yang'anani mayina ndi madeti pa matayala onse anayi. Ndipo tsiku lomwe idzafere panjira, musalole kuti ikokedwe matayala awiri ali m'mwamba awiri ali pansi. Iyenera kukwezedwa yonse pa lole.