Y-strainer ya brass pa giza ya m'maflati: imagwira mchenga, koma si mankhwala a zonse

M'maflati ambiri kuno ku Chipata, dandaulo limayamba chimodzimodzi. Shawa ikungodontha, pompi ya madzi otentha ikulavula tinthu, pomwe ya ozizira ili bwinobwino. Ukapita ku hardware amakupatsa Y-strainer, kasefa kachikasu kooneka ngati mphanda, ka 15mm kapena 22mm. Kachipangizo aka ndi kabwino ndipo sikadula, koma anthu ambiri amakagula asanadziwe chimene chikuwavuta.

Musanatulutse ndalama, masulani kasefa ka kukamwa kwa pompi, mukhuthulire zomwe zilimo pa mbale yoyera. Thiranipo viniga pang'ono. Tizidutswa toyera tikachita thovu, imeneyo ndi laimu yomwe imaundana pa element (chitsulo chotenthetsa madzi m'giza) madzi akamatentha, makamaka kumene amamwa madzi a borehole. Toyera tosachita thovu, toyandama, n'kusungunuka mukatiyandikizitsa ku machesi, ndi pulasitiki yofumbutuka. Takuda tofewa tosiya mwaye m'zala ndi labala ya mawasha kapena ya flexi (kapaipi kofewa kolumikizira). Tofiirira ndi dzimbiri la mapaipi a galvanised, kapena thanki ya giza yayamba kudyeka. Kukakhala kukukuta ngati mchenga, ndi mchengadi.

Pa zonsezi, Y-strainer imathandiza pa mchenga ndi dzimbiri lochokera kunja basi. Apo ndiye imagwira ntchito mosakayikitsa, makamaka madzi akabwerera atasowa kwa tsiku, pamene matope a pansi pa thanki ya pamwamba avunduka. Laimu imabadwira m'kati mwa giza, kuseri kwa sefa, ndiye ngakhale mutamanga zitatu idzatulukabe.

M'maflati muli funso linanso: vuto ndi la khomo limodzi kapena la mdadada wonse? Funsani aneba a pansi ndi a pamwamba. Onse akamadandaula, gwero lingakhale thanki kapena paipi yaikulu, ndipo imeneyo ndi nkhani ya eni nyumba, osati ya munthu wa lendi. Mukakhala nokha, yang'anani giza yanu.

Kamangidwe ndi pamene amisiri othamanga amalakwitsa. Sefayi imakhala pa paipi ya madzi ozizira olowa, madzi asanafike pa pressure control valve (valavu yochepetsa mphamvu ya madzi olowa m'giza), chifukwa valavuyo ndi imene mchenga umayamba kuwononga. Kanjere kamodzi kakakhala pamene valavu imatsekera, paipi ya overflow imadontha usiku wonse. Muvi wojambulidwa pa thupi lake uloze kumene madzi akupita, mwendo wa sefa uyang'ane pansi. Ikani stopcock (chotsekera madzi) madzi asanafike pa sefayo, ndipo musiye malo olowa sipanala. Ena amaikanikiza ku khoma m'siling'i, tsiku lotsuka n'kumachita kudula paipi.

Chofooka chake n'chimodzi: siidzitsuka yokha, komanso siionekera m'kati. Ikadzaza, madzi otentha amachepa mphamvu nyumba yonse, munthu n'kuyamba kuimba mlandu giza. Nyengo ya mvula ndi bwino kuitsegula mwezi uliwonse, kutsuka kawaya kosefera ka m'kati ndi mswachi wakale. Pogula, masulani chotsekera muone. Kawaya kakhale ka stainless steel, washa ikhalepo, ndipo thupi likhale lolemera m'manja. Zopepuka zija zimang'aluka pa thiredi mukangomanga kwambiri.

Ngati viniga wachita thovu, ndalamayo ipite pa kutsuka giza. Zimitsani magetsi pa isolator (switchi ya giza) ndi pa DB (bokosi la maswitchi a magetsi a m'nyumba), musadalire kuti malaiti apita, chifukwa akabwera thanki ilibe madzi element imapsa nthawi yomweyo. Tsekani madzi olowa, tsegulani pompi ya otentha kuti mpweya ulowe, mangani hosipaipi pa drain cock (kapompi kokhuthulira madzi a m'giza). Giza ya malita 150 imatenga nthawi kuti ithe, ndipo laimu ikatseka pa drain muyenera kutsegula madzi ozizira pang'onopang'ono kuti aivundule. Poti thanki ili yopanda madzi, pulambala aonenso anode, kandodo ka m'kati kamene kamadyeka m'malo mwa thanki. Ikadyeka n'kutsala kawaya, isinthidwe. Thermostat ikhale pa 60°C: mukakweza laimu imachuluka msanga, mukatsitsa kwambiri tizilombo ta Legionella timaswana. Dzazani mpaka pompi isiye kutsokomola mpweya, kenako yatsani.