Čapek, Asimov kapena Dick: ndani amafunsa moona za mzimu wa loboti?

Anzanga amene amadziwa kuti ndimakonda nkhani zopeka za sayansi akhala akundifunsa kawirikawiri kuti ayambe ndi buku liti ngati akufuna kuwerenga za maloboti, ndipo funsoli lachuluka masiku ano pamene anthu ambiri akucheza ndi makina oyankha mafunso pa foni. Ndikawafunsitsa ndimapeza kuti ambiri alibe nazo ntchito nkhondo za m'mlengalenga, koma akufuna kudziwa ngati chinthu chopangidwa ndi manja a munthu chingakhale ndi mzimu. Ndimawatchulira alembi atatu: Karel Čapek ndi sewero lake la R.U.R. la mu 1920, Isaac Asimov ndi I, Robot ya mu 1950 pamodzi ndi nkhani yake ya The Bicentennial Man ya mu 1976, komanso Philip K. Dick ndi Do Androids Dream of Electric Sheep? ya mu 1968. Ndiwayerekeza pa funso limodzi lomweli, ndipo ndinene poyera kuti ndili ndi mbali imene ndaima.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka. Buku la Dick ndinaligula koyamba kwa munthu wina woyala mabuku akale pakhonde la sitolo, ndipo ndinalipira mosanenerera chifukwa ndinali nditalifunafuna kwa nthawi yaitali. Linali lopyapyala, moti ndinalimaliza usiku umodzi, ndipo ndinadabwa kuti anthu amalitamandira chiyani, popeza ndinangopezamo wapolisi wothamangitsa makina n'kumawaombera. Kwa zaka pafupifupi ziwiri ndinkauza aliyense wondifunsa kuti bukuli ndi lachabechabe. Nditabwereka lina kwa mnzanga ndi pamene ndinazindikira kuti langa lija linali lofupikitsidwa, lolembedwanso m'Chingerezi chophweka kuti lithandize ophunzira chinenero, ndipo zimenezi zinalembedwa m'timalemba tating'ono kuseri kwa tsamba loyamba, pamene pachikuto panali dzina la Dick lokha m'zilembo zikuluzikulu. Mbali zonse zimene zimachititsa bukuli kukhala lolemera zinali zitaphwanyidwa n'kutsala timizere tiwiri kapena titatu. Ndalamazo sindizidandaula kwambiri, koma zimandiwawa kuti ndinabweza anthu angapo amene akanaliwerenga. Mabuku ofupikitsidwa otere alipo a Asimov omwe, choncho musanatulutse ndalama tsegulani masamba oyambirira muone ngati pali dzina la munthu wachiwiri amene anafotokozanso nkhaniyo.

Čapek ndiye mwini mawu akuti loboti, ngakhale kuti iye anavomereza kuti amene anamuuza mawuwo ndi m'bale wake Josef. Amachokera ku mawu a Chitcheki akuti robota, ntchito yokakamizidwa imene alimi osauka ankagwirira eni malo, ndipo Mmalawi aliyense amene anamva za thangata m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu sangavutike kumvetsa chimene mlembiyo ankaloza. Maloboti ake si a zitsulo ayi. Ndi a mnofu wopangidwa m'fakitale ya pachilumba, ooneka ngati anthu mpaka mlendo Helena Glory akulephera kusiyanitsa mlembi wa mu ofesi ndi munthu weniweni. Helena ndi amene akuchonderera Dr. Gall kuti awapatse mzimu, ndipo chimene chikutuluka si chimene iye ankayembekeza, chifukwa malobotiwo atangoyamba kumva za mumtima, chinthu choyamba chimene akumva ndi chidani pa owagwiritsa ntchito. Akupha anthu onse kupatula Alquist, mmisiri womanga nyumba, amene akumusiya chifukwa amagwira ntchito ndi manja monga iwo.

Yankho la Čapek lili kumapeto. Alquist akufuna kung'amba loboti imodzi kuti apeze chinsinsi cha kapangidwe kake, chimene chinatayika Helena atawotcha mapepala, ndipo maloboti awiri, Primus ndi mnzake wamkazi wotchedwanso Helena, aliyense akupempha kuti ang'ambidwe iyeyo mnzake asiyidwe. Apa nkhalambayo ikuwamasula n'kuwatcha Adamu ndi Hava. Kwa Čapek, mzimu ukuonekera pamene wina walola kufa m'malo mwa mnzake. Ndi mathero okoma, koma amafika mothamanga, pakuti awiriwa timakumana nawo seweroli litatsala pang'ono kutha ndipo sitiona kuti chikondicho chinamera bwanji. Ubwino wake ndi wakuti ndi lalifupi ndipo limapezeka kwaulere pa intaneti, kungoti lomasuliridwa ndi Paul Selver mu 1923, limene ndi lofala kwambiri, linadulidwa malo ena. La Claudia Novack-Jones la mu 1989 ndi lathunthu.

Asimov ndiye wosavuta kuwerenga mwa atatuwa, ndipo amene Chingerezi chimamuvutako ayambe ndi iyeyu mosaopa. Malamulo ake atatu a maloboti, mwachidule, amati loboti isavulaze munthu, izimvera munthu, ndipo izidziteteza yokha, koma lamulo loyamba limaposa lachiwiri ndipo lachiwiri limaposa lachitatu. M'buku la I, Robot muli nkhani zisanu ndi zinayi zolumikizidwa ndi zokumbukira za Dr. Susan Calvin, katswiri wa maganizo a maloboti, ndipo pafupifupi iliyonse ili ngati ndagi: loboti yachita zachilendo, akatswiri akufufuza kuti ndi lamulo liti lawombana ndi linzake, kenako yankho likupezeka. Zimasangalatsa, koma funso la mzimu amalilambalala. M'nkhani ya Reason, loboti yotchedwa Cutie ikukana kukhulupirira kuti anthu ofooka, ofuna kudya ndi kugona, ndi amene anaipanga, ndipo ikuyamba kupembedza makina aakulu a mphamvu za pamalopo ngati Mbuye wake. Pamenepa panali nkhani yaikulu ya chikhulupiriro, koma akatswiri awiri ogwira ntchito nayo, Powell ndi Donovan, ataona kuti ntchito ikuyenda bwinobwino akungoisiya, ndipo mlembi naye akuisiya pomwepo.

Dandaulo langa lenileni ndi The Bicentennial Man, nkhani imene ambiri amaitama kuti ndi yogwira mtima ndipo inalandira mphoto za Hugo ndi Nebula. Andrew ndi loboti ya pakhomo pa banja la a Martin. Tsiku lina akusemera kamtsikana ka m'nyumbamo kokongoletsera ka mtengo, ndipo zikudziwika kuti ali ndi luso limene omupanga sanalikonze. Akupeza ndalama, akugula ufulu wake, akuyamba kuvala zovala, akusintha ziwalo zake pang'onopang'ono mpaka thupi lake likufanana ndi la munthu, ndipo zipangizo zimene iye watulukira zikutalikitsa moyo wa anthu ambirimbiri. Pa zonsezi nyumba ya malamulo ya dziko lonse lapansi ikukanabe kumutcha munthu, chifukwa ubongo wake sufa. Choncho akupita kukachitidwa opaleshoni yoti ubongowo uyambe kufooka, ndipo akulengezedwa kuti ndi munthu pamene wakwanitsa zaka 200, ali pafupi kutsirizika.

Ndawerenga nkhaniyi katatu ndipo nthawi iliyonse imandikwiyitsa kuposa poyamba. Andrew anali kale ndi zonse zimene ife timayang'ana tikamati uyu ndi munthu: anali wokhulupirika, wachifundo, wokumbukira amene anamuchitira zabwino, ndipo ngakhale pomwalira maganizo ake omaliza ali pa kamtsikana kaja. Komabe nkhaniyi ikutiuza kuti tisangalale poona kuti wadziwononga yekha kuti alandire chilolezo kwa anthu amene sanafune kumulandira. Asimov akuoneka kuti akuvomereza mtengo umenewu m'malo moutsutsa. Umunthu woperekedwa ndi voti ndi siginecha, pambuyo poti wopemphayo wataya chilichonse chimene chinkamusiyanitsa ndi eni mphamvu, ine sindiukhulupirira, ndipo sindingauze mnzanga kuti ili ndilo yankho la funso lake.

Dick ndiye amene ndimamuikira kumbuyo, ngakhale kuti kalembedwe kake ndi kosasalala ndipo malo ena nkhani imasokonekera ngati maloto. Dziko lake ndi San Francisco wa pambuyo pa nkhondo imene fumbi lake lapha nyama zambiri, moti kuweta nyama yamoyo ndi ulemu waukulu, ndipo wosakwanitsa amagula yamagetsi n'kumabisira anansi. Rick Deckard ali ndi nkhosa yamagetsi padenga ndipo imamuchititsa manyazi. Ntchito yake ndi kusaka maloboti ooneka ngati anthu amene athawa ku Mars, ndipo amalandira madola 1,000 pa iliyonse imene wapha. Powazindikira amagwiritsa ntchito mayeso a Voigt-Kampff, amene sayesa nzeru koma chifundo: amafunsa mafunso, ambiri okhudza kuzunza nyama, n'kumaona mmene maso ndi mitsempha ya kumaso ikuchitira. Kwa ife amene tinakula tikumva akuluakulu akunena za wankhanza kuti ameneyu si munthu, muyeso umenewu si wachilendo konse. Dick akuchotsa funso la mzimu m'manja mwa akatswiri n'kuliika pa mmene wina amachitira ndi chofooka chimene chili m'manja mwake.

Malo amene buku langa lofupikitsidwa lija linawaphwanya kwambiri ndi a kangaude. John Isidore, munthu amene fumbi lija linamuwononga ubongo ndipo boma limamuona ngati wotsalira, wabisa maloboti atatu m'nyumba yake chifukwa chosowa wocheza naye. Akutola kangaude wamoyo, chinthu chosowa kwambiri m'dzikomo, ndipo akubwera naye mokondwa kudzaonetsa alendo ake. Pris, imodzi mwa malobotiwo, akutenga sizasi n'kuyamba kudula miyendo ya kangaudeyo umodzi umodzi kuti aone ngati angayende ndi inayi yokha, ndipo kangaudeyo atakana kuyenda, loboti inzake Roy Baty akuyatsa machesi n'kumuyandikizira moto. Sakuchita izi mwaukali. Akungofuna kudziwa, uku akuonera wailesi yakanema imene ikuulula kuti Wilbur Mercer, amene anthu onse amagawana naye masautso kudzera m'bokosi la chifundo, ndi wochita sewero chabe wojambulidwa mu situdiyo. Malobotiwo akusangalala poganiza kuti chifundo cha anthu chatsimikizika kuti ndi bodza, pamene Isidore, amene amanyozedwa kuti alibe nzeru, akunjenjemera ndi chisoni mpaka kukamiza kangaudeyo m'madzi kuti asazunzikenso.

Dick akanalekera pamenepo tikanati yankho lake ndi lophweka, loti loboti ilibe mzimu. Koma m'buku lomweli muli Luba Luft, loboti yoimba nyimbo za opera mokoma kwambiri, imene Deckard akuipeza m'nyumba yoonetsera zithunzi ikuyang'anitsitsa zojambula za Edvard Munch. Ikudziwa kuti yagwidwa ndipo ikupempha chinthu chimodzi chokha, ndipo Deckard akuigulira buku la zithunzizo ndi ndalama zake. Patangopita mphindi zochepa mlenje mnzake, Phil Resch, akuiombera m'chikepe chokwerera m'nyumbamo mosagwidwa ndi chisoni chilichonse. Deckard akukhulupirira kuti Resch ayenera kukhala loboti, koma atamuyesa akupezeka kuti ndi munthu weniweni. Ndinazindikira pofotokozera mnzanga gawo limeneli kuti pakamwa panga pankatuluka "Luba uja anaphedwa", osati "loboti ija inawonongedwa", ndipo Chichewa sichilola munthu kubisala pakati pa ziwirizi. Ukangotsegula pakamwa wasankha kale ngati ukunena za munthu kapena za chinthu. Palibe nkhani ya Asimov imene inandikakamizapo kusankha motere.

Kumapeto Deckard, atapha maloboti asanu ndi limodzi tsiku limodzi ndipo mbuzi yamoyo imene anagula ndi malipirowo itakankhidwa kuchokera padenga ndi loboti ina yotchedwa Rachael, akupita kuchipululu kumene akupeza chule, nyama imene ankakhulupirira kuti inatheratu. Akubwera naye kunyumba ali ndi chimwemwe cha mwana, koma mkazi wake Iran akupeza kachitseko pamimba pa chuleyo: ndi wamagetsi. Deckard akukagona wotopa, ndipo Iran akuimba foni kuitanitsa ntchentche zamagetsi zoti chuleyo azidya. Dick sakunena kuti chuleyo ali ndi mzimu. Akungoonetsa mayi amene wasankha kusamalira chinthu chimene mwamuna wake wachikonda, ndipo ine ndimapeza zambiri m'kachitidwe kameneka kuposa m'chilengezo chonse cha nyumba ya malamulo ya Asimov.

Mafilimu asakunamizeni kuti mwawerenga mabukuwa. Blade Runner ya mu 1982, imene Dick anamwalira isanatuluke, ndi yabwino payokha koma mulibe nkhosa, Mercer kapena gawo lija la kangaude wa Isidore, ndipo I, Robot ya mu 2004 inatenga dzina, malamulo atatu, mayina a anthu ochepa ndi tizidutswa tochepa ta nkhanizo basi.

Amene ali ndi ndalama za buku limodzi lokha agule la Dick, lathunthu, la mitu 22. R.U.R. aiwerenge pa foni madzulo amodzi asanayambe Dick, kuti aone kumene funsoli linachokera. I, Robot ndimabwereketsa kwa achinyamata ndi kwa amene akuzolowera kuwerenga Chingerezi, ndipo ambiri amaikonda. The Bicentennial Man ndimauza anthu kuti aiwerenge pomaliza, akatha Dick, ndipo akamaliza abwere tidzakambirane ngati Andrew ankafunikadi kufa.